Nankafumbwe: zolemba za kaloboti komenyana ka magalamu 1,360

2 Malichi: malire awiri

Ndayamba kulemba lero chifukwa ndimadzidziwa. Pakatha miyezi itatu ndidzakhala nditaiwala zonse zomwe zinandisowetsa tulo, n'kumauza anzanga kuti inali ntchito yamasewera. Ndikupanga kaloboti koyendera rimoti, komenyana ndi tinzake m'bwalo lotchinga mbali zonse. Ndakatcha Nankafumbwe, poti gulu lomwe kakalowe amalitcha beetleweight, ndipo mwa tizilombo ta mtundu umenewo uyu ndiye amaboola zinthu zomuposa msinkhu.

Amene munaonerako BattleBots, pulogalamu ya pa TV ya maloboti omenyana, iwalani kaye zimphona zija. Chimodzi chimalemera mapaundi 250, omwe ndi makilogalamu 113. Ambiri amayambira pansi. Gulu la antweight ndi magalamu 150 ku Britain ndipo 454 ku America. La beetleweight ndi mapaundi atatu, magalamu 1,360, ngakhale ku Britain amalola mpaka 1,500. Malamulo a mpikisano womwe ndikufuna kukalowa akuti 1,360, ndiye nambalayi ndailemba pa pepala n'kumata pakhoma, pamwamba pa tebulo.

Malire achiwiri ndi thumba. Mitengo imasiyana malinga ndi komwe munthu ali, choncho ndalama zomwe ndasunga ndazigawa magawo 100, ndipo chilichonse ndikagula ndizinena kuti chadya magawo angati. Muzitha kuona nokha komwe ndalama zimathera.

Malamulowo ndawawerenga kawiri. Akufuna swichi yozimitsira magetsi onse, kanyali kosonyeza kuti kaloboti kali moyo, chotsekera chida kuti chisazungulire chili m'manja mwa munthu, komanso kuti rimoti ikazima, chilichonse chiime. Zamadzi, maukonde ndi zosokoneza rimoti ya mnzako n'zoletsedwa. Nkhondo ndi ya mphindi zitatu, ndipo ukalephera kusuntha amawerenga mpaka khumi, basi wagonja.

9 Malichi: katoni

Mtima wanga wonse unali pa chida. Ndinajambula chimbale chachitsulo choimirira, chozungulira chokweza m'mwamba kuti chizitukula mdani, mamilimita 120 m'mimba mwake ndi 8 kuchindikala. Chinkakongola zedi pa kompyuta. Nditawerengera kulemera ndinapeza magalamu 480, nditachiboolaboola kale. Kuphatikiza mota yake, shafuti, lamba ndi ma bearing, chida chokha chikanadya pafupifupi theka la kaloboti konse.

Ndinadula katoni, n'kumata ndi tepi thupi lonse pa msinkhu wake weniweni, kenako n'kuikamo timabokosi toimira batire ndi mamota. Batire linasowa pokhala. Ndachepetsa chimbale: mamilimita 100 m'mimba, 6 kuchindikala, magalamu pafupifupi 250. Zandiwawa, koma katoni siinadye gawo ngakhale limodzi.

23 Malichi: mawaya pa tebulo

Katundu wafika. Rimoti ya 2.4 GHz ndi risiva yake (kabokosi kolandira malamulo a rimoti m'kaloboti) zadya magawo 16, chaja cha mabatire a lithiamu otchedwa LiPo ndi kachikwama kosapsa kochajiramo 12, mabatire awiri a 3S (maselo atatu, mavoti 11.1) 850 mAh, 9. Mamota awiri oyendetsa mawilo, a mamilimita 22 okhala ndi magiya, 13, ndipo ESC yoyendetsa onse awiri 8. Mota ya chida ndi ya brushless (yopanda maburashi), ya 1500 kV (kuzungulira ka 1,500 pa mphindi pa voti iliyonse), yadya 6, ESC yake ya 30 A enanso 6. Mawilo a thovu a mamilimita 60, mawaya a silicone, zolumikizira za XT30 ndi tina ting'onoting'ono, 7. Zonse pamodzi 77, ndisanadule kanthu ngakhale kamodzi. Chonditonthoza n'chakuti rimoti ndi chaja zidzagwiranso ntchito pa timaloboti tina.

Kwa amene simunagwirepo ESC: ndi kabolodi komwe kamakhala pakati pa batire ndi mota, kamamvera risiva, n'kumapatsa motayo mphamvu yomwe chala chanu chapempha.

Ndinalumikiza zonse pa tebulo, mamota nditawamanga pa thabwa, opanda wilo, opanda chimbale. Nditakankhira ndodo ya rimoti kutsogolo, mota ina inapita kutsogolo, inzake kumbuyo. Imeneyo siinandichedwetse: ndinasinthanitsa mawaya awiri a mota yakumanzere. Kenako ndikakankhira ndodo kumanja inkakhotetsa kumanzere, ndipo ndinaitembenuza m'rimoti momwemo.

Vuto lenileni linali pa kuzimitsa. Ndinayatsa mota ya chida pang'ono, n'kuzimitsa rimoti kuti ndione ngati iime. Siinaime. Inangopitiriza kulira ngweee pa liwiro lomwe ndinaisiya, ine rimoti yakufa ili m'manja. Risiva yanga, momwe inabwerera, ikataya rimoti imasunga lamulo lomaliza. Taganizani chimbale chitakhalapo, kaloboti kali pansi, mapazi a anthu ali pafupi. Ndinatha madzulo onse m'mamenyu a rimoti ndisanapeze kuti failsafe, yomwe imauza mamota chochita rimoti ikazima, imayatsidwa pa channel iliyonse (ya mawilo, ya chida) payokhapayokha. Uyenera kuika ndodo pomwe ukufuna kuti mota idzaimire, pakati kwa mawilo, pansi penipeni kwa chida, n'kusunga ili pomwepo. Poyamba ndinasunga ya chida ili pakati ngati ya mawilo, ndipo nditazimitsa rimoti motayo inadzuka yokha pa theka la liwiro. Chimenecho chinandiopsa kuposa choyamba chija. Tsopano ndayesa kakhumi, kakhumi konse zaima zii pasanathe sekondi.

6 Epulo: thupi

Thupi loyamba mnzanga anandisindikizira pa 3D printer ndi pulasitiki ya PLA, magawo 3. Linatuluka losalala, chilichonse chikulowa m'malo mwake. Ndinaligwetsa dala kuchokera pa tebulo mamota ali mkati, ndipo pomangira mota pananyotsoka ngati bisiketi. PLA ndi youma, siipinda, imangothyoka. Nailoni kapena pulasitiki yopindika ya TPU bwenzi zitapirira, koma makina a mnzangayo sanakonzedwere zimenezo.

Ndabwerera ku HDPE, pulasitiki ija ya mabolodi odulirapo zinthu kukhitchini. Ndi yopepuka, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a aluminiyamu, ndipo ikamenyedwa imakandika kapena kupindika m'malo mosweka. Mbali ndaika ya mamilimita 10, pansi ya 6. Magawo 5. Poidula ndi sowo yamagetsi pa liwiro lalikulu inkasungunuka n'kumatananso kumbuyo kwa mpeni. Ndinachepetsa liwiro, n'kuika mpeni wa mano akuluakulu wodulira matabwa, zinatheka. Guluu sagwira pa HDPE, musadzivutitse. Masikuluwu a matabwa ndiwo amaluma bwino, bola uyambe waboola kabowo kocheperako.

Chivindikiro ndinadula pa polycarbonate, pulasitiki yolimba yoonekera, ya mamilimita awiri. Apa ndiye ndinadya phula ngati Safunsa. Ndinali nditamva kuti bawuti lililonse la kaloboti komenyana lizipakidwa threadlocker wa buluu kuti lisamasuke ndi kunjenjemera. Ndinapaka onse, ngakhale a pa chivindikiro. M'mawa mwake bowo lililonse linali ndi timing'alu ngati ukonde wa kangaude, ndipo nditapinda pang'ono chinangoti tswa. Mankhwala amenewa amadya polycarbonate. Ndi a chitsulo pa chitsulo basi. Ndadulanso china, ndipo chikugwidwa ndi manati okhala ndi nailoni mkati. Zivindikiro ziwiri, magawo 4. Tafika pa 89.

20 Epulo: chimbale ndi dzino limodzi

Ndisanatumize chojambula kwa odula zitsulo ndinasintha chinthu chimodzi, ndipo ndikufuna muone chifukwa chake, poti ndi masamu ochepa omwe ndinatsala pang'ono kuwadumpha. Mota ya 1500 kV pa mavoti 11.1 imazungulira ka 16,650 pa mphindi ikakhala yopanda katundu. Lamba wanga akuchepetsa ndi theka, ndiye chimbale chizizungulira ka 8,300, kapena kuti ka 138 pa sekondi. Chikakhala ndi mano awiri, dzino limadutsa ka 277 pa sekondi. Kaloboti kakamayandikira mdani pa mita imodzi pa sekondi, mdaniyo amalowa mamilimita osakwana anayi dzino lotsatira lisanafike. Kumeneko ndi kupala, si kumenya. Ndi dzino limodzi mpatawo umakhala mamilimita asanu ndi awiri, dzino n'kuluma ndithu.

Dzino limodzi limafuna cholemetsa mbali inayo kuti chimbale chisagwedezeke, ndipo pa kompyuta ndinasunthasuntha mabowo mpaka pakati pa kulemera panagwera pa shafuti penipeni.

Chadulidwa ndi makina odula ndi madzi amphamvu pa chitsulo cholimba cha AR500. Magawo 14, ndipo ndicho chinthu chimodzi chodula kwambiri kupatula rimoti. Bowo la bearing linatuluka locheperako pang'ono, komanso lopendekeka, lalikulu mbali imodzi kuposa inzake, monga amachitira madzi podula. Ndinati ndilikulitse ndi drill. Nsonga ziwiri zinapsa n'kuda bii, chitsulo osakandika n'komwe. Tupa nalo linkangoterereka. Chomwe chinagwira ntchito ndi kamwala konolera pa kamakina ka m'manja, kupala pang'ono, kuyesa bearing, kupalanso, ola lathunthu ndi theka. Nsonga zopsa ndi kamwalako, magawo 2.

Poyesa kulemera kwa mbali ndinalowetsa shafuti, n'kuigoneka pa mipeni iwiri yoimika. Mbali ya dzino inkatsika pansi nthawi zonse. Ndinapala kumbuyo kwa dzinolo, osati pa nsonga, mpaka chimbale chinayamba kuima paliponse pomwe ndachisiya. Magalamu 247.

Tili pa magawo 105. Malire a thumba aswedwa kale, a pakhoma aja adakalipo.

4 Meyi: kuzungulitsa koyamba

Sindinayatse chida panja. Nsonga ya dzino imathamanga mamita oposa 40 pa sekondi, kupitirira makilomita 150 pa ola, ndipo kabawuti kakaduka pa liwiro limenelo sikasankha diso. Ndinakhoma bokosi la matabwa ochindikala, pamwamba n'kuika polycarbonate ya mamilimita 6 yoonerapo. Magawo 8, omwe sindinawaganizire poyamba paja. Achimwene anga atabwera kudzaona anafunsa ngati ndayamba kuweta njoka.

Lamba ndi wa polyurethane wobulungira, uja umadula pa muyezo n'kusungunula nsonga zake kuti zimatane. Kulumikiza koyamba kunali kokhota ndipo anaduka pa sekondi yachitatu. Kachiwiri ndinagoneka nsonga zonse mu kangalande ka chitsulo kuti ziyang'anane bwino, n'kudikira zizizire ndisanakoke. Wagwira. Ndinamusankha dala wopanda mano, kuti chimbale chikamenya n'kuima mwadzidzidzi, lambayo aziterereka m'malo mopereka nkhonya yonse ku mota.

Nditakankha ndodo ya chida mpaka pamwamba, chimbale chinayamba, n'kuima. Ma ESC analira kanyimbo kawo koyambira ngati ndangolumikiza kumene batire. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Pokweza pang'onopang'ono chinkafika pa liwiro lonse popanda vuto. Ndinakayikira batire, ndinakayikira solder wanga (chitsulo chosungunula chomatira mawaya), mpaka ndinamasula n'kuwotchereranso zolumikizira zitatu zomwe zinalibe mlandu. Chinandiululira ndi kanyali ka pa risiva: nthawi iliyonse chida chikadzuka mwamphamvu, kankaphethira. Mota ya chida poyamba kuzungulitsa chitsulo choima imakoka magetsi ambiri, mphamvu ya batire n'kutsika kwa kanthawi, ndipo risiva, yomwe inkadyera pa ESC ya mawilo, inkakomoka n'kudzukanso. Ikakomoka, failsafe yanga ija inkachita ntchito yake mokhulupirika, kuimitsa zonse.

Ndachita zitatu. Risiva ndaipatsa BEC yakeyake, kabolodi kotsitsa mphamvu ya batire kufika pa mavoti 5. Pa mawaya olowa mu ESC ya chida ndaika capacitor, kachipangizo kosunga magetsi pang'ono kuti mphamvu isatsike mwadzidzidzi. Ndipo mu pulogalamu ya ESC ndachepetsa mphamvu yoyambira kuti chimbale chizidzuka mofatsa. Chikutenga masekondi awiri kufika pa liwiro lonse, ndipo kanyali sikakuphethiranso.

Chimwemwe chinandipusitsa. Ndinaponyamo chidutswa cha thabwa lolimba, Nankafumbwe anachimenya, chinauluka n'kugunda denga la bokosi, phwaa! Ndinabwereza. Kachinayi thabwa linapanikizika pakati pa chimbale ndi khoma la bokosi, lamba sanaterereke mokwanira poti ndinali nditamukoka kwambiri, mota inaima, ine chala chili pamwamba ndithu kudikira kuti chidzimasule chokha. Utsi woyera unadzaza bokosi. Fungo la ESC yopsa silichoka msanga m'mphuno. Ndagula ina ya 40 A, ndalumikiza lamba wotalikirapo mamilimita atatu, ndipo chala ndachiphunzitsa: chida chikaima, ndodo pansi. ESC, BEC ndi capacitor, magawo 8. Tili pa 121.

11 Meyi: kuyendetsa

Chida chili chozima, Nankafumbwe amayenda ngati mphaka. Chikayaka pa liwiro lonse amasanduka nyama ina. Ndikakhota mwachangu, wilo limodzi limanyamuka m'mwamba, iye n'kuyenda chopendekeka, ndipo kawiri anagubuduzika chagada popanda womukhudza. Chitsulo chozungulira mwamphamvu chimakana kutembenuzidwa, ndiye ukachikakamiza chimakweza mbali imodzi ya kaloboti. Palibe chinawonongeka, ndi momwe timaloboti ta chimbale choimirira tonse timachitira. Ndachepetsa kukhota m'rimoti kufika pa 60 peresenti, ndipo ndikuzolowera kutsitsa chida pa theka ndikamatembenuka, n'kuchikweza ndikalunjika.

Madzulo aliwonse ndikumathamangitsa chitini chopanda kanthu kwa mphindi zitatu, chida chozima, chotsekera chilipo. Tsiku loyamba ndinachiphonya kambiri kuposa momwe ndinachigundira. Kaloboti kakamabwera chakwa iwe, kumanja kumasanduka kumanzere, ndipo mutu umadziwa koma chala chimatsalira.

Wilo lakumanja linavuka tsiku lachitatu. Kasikuluwu kogwira pa shafuti kanali pa mbali yobulungira m'malo mwa yophwatalala. Apa ndiye pamalo pa threadlocker.

25 Meyi: sikelo

1,407.

Ndinamutsitsa, n'kupukuta sikelo, n'kumukwezanso, ngati fumbi lingalemere magalamu 47. Pa pepala langa zonse zinkakwana 1,330, koma pepalalo linalibe solder, tepi, BEC, capacitor, ESC yokulirapo, ndi masikuluwu omwe ndinkangowonjezera apa ndi apo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chimbale sindinafune kuchikhudza, ndipo ndikulemba zimenezi dala kuti ndidzazikumbukire. Ndinasaka kwina konse. Pansi pa thupi ndinafukula timaenje pomwe sipafika mdani, magalamu 14. Timachubu tachitsulo ta pa shafuti ndinasintha n'kuika ta aluminiyamu, 10. Shafuti yokhayo inali yotalika mopitirira, ndinadulako 6. Masikuluwu ndinawafupikitsa, ena n'kuwachotseratu, 11. Kenako mawaya. Anali ndi mapindikidwe ambiri m'katimo, ndipo ndinadula lililonse kuti lingofika pomwe likupita, osatsalako. Magalamu 9, ndipo mkati munaoneka mwaudongo moti ndinajambula chithunzi. Zinafika pa 1,357. Masikelo samvana, ndiye ndinasenganso m'makona mpaka 1,349.

1 Juni: batire

Pomanganso pambuyo pa kusenga kuja, sikuluwu imodzi yaitali inalowa pa bowo la yaifupi. Nsonga yake inatulukira mkati mamilimita awiri, pomwe pamagona batire. Nditayendetsa mphindi zingapo n'kutsegula, ndinapeza chikopa cha batire chitakandika, pakona pataphwanyika, ndipo likununkha kafungo kotsekemera. Batire la LiPo likabooka limatha kuyaka, ndipo moto wake suzimitsika mwachisawawa. Ndinalinyamula ndi pulayazi kupita nalo panja, n'kuliika mu ndowa yachitsulo ya mchenga. Silinayake. Ndinalitsitsa mphamvu mpaka kutheratu ndi kababu kakang'ono, ndipo lapita kotayira mabatire.

Lina latsopano, magawo 5. Tsopano batire likugona m'kachipinda kakekake, thovu mbali zonse, ndipo ndisanaliike ndimayendetsa chala m'katimo kufufuza nsonga. Thovulo labweza magalamu 4. Pa chaja ndimatsatira manambala atatu: selo lililonse lisapitirire mavoti 4.2, lisatsike kufika pa 3.0, ndipo posunga likhale cha pa 3.8.

15 Juni: mpikisano

Sikelo yawo inati 1,356. Woyendera chitetezo, bambo wachikulire wa magalasi, anaika Nankafumbwe pa kathabwa mawilo ali m'malere, m'bokosi loyesera.

"Yatsani zonse, achimwene. Chida pang'ono. Tsopano zimitsani rimoti."

Zii. Anagwedeza mutu n'kumata kapepala pa chivindikiro. Mnyamata yemwe anali patsogolo panga anabwezedwa pa mayeso omwewo, ndipo ndinakamuthandiza kusaka menyu ija, poti njira yake ndinaidziwa ndi thukuta.

Nkhondo yoyamba inali ndi kaloboti ka mpeni wozungulira chopingasa. Tinakumana pakati, zida zinagundana, tonse tinauluka. Iye anatera n'kupitiriza. Nankafumbwe anatera bwinobwino pa mawilo ake, wopanda bala looneka, kanyali kozima. Ndinapotokola ndodo uku ndi uku, woweruza akuwerenga. Masekondi 14 nkhondo yonse, kuphatikizapo khumi owerengawo.

Pa tebulo ndinatsegula chivindikiro. Waya wofiira wochoka pa swichi unali utazuka pa solder wake. HDPE ija ndinaitamanda kuti imapinda m'malo mosweka inapindadi, mbali zinatanuka kwa kanthawi, ndipo waya yemwe ndinamudula kuti angofika analibe poti n'kutambasukira. Magalamu 9 aja. Munthu wa tebulo loyandikana nalo, mayi yemwe kaloboti kake kanali ndi zipsera za mipikisano yambiri, anasuzumira n'kundipatsa chidutswa cha waya.

"Muzisiya wautali ndithu, muupinde ngati mchira wa nkhumba. Ndipo muumange penapake, kuti chokoka chizikoka pomangapo, osati pa solder."

Ndinasintha mawaya atatu akuluakulu m'mphindi makumi awiri, n'kuthira guluu wotentha pa zolumikizira zonse za risiva. Kuti ndisapyole malire ndinachotsa masikuluwu awiri a chivindikiro.

Yachiwiri ndinapambana. Mdani anali wa chida chonga ng'oma yozungulira, wothamanga kuposa ine, koma ankabwera molunjika nthawi zonse. Chitini chija chinandilipira apa. Ndinamulambalala, n'kumugwira m'nthiti, dzino linaluma pansi pa wilo lake ndipo anakagunda denga la bwalo. Kachitatu wilo linachoka n'kugubuduka lokha mpaka pakona. Anagogoda kuti wagonja. Manja anga ankanjenjemera moti chotsekera chida ndinachilowetsa kachitatu.

Yachitatu inandiphunzitsa zambiri kuposa ziwirizo. Mdani analibe chida chozungulira ayi, kathupi kafupi chabe ndi timafoloko tiwiri tachitsulo tokwawa pansi. Ndinamuderera. Nthawi iliyonse tikakumana, timafoloko tija tinkalowa pansi pa Nankafumbwe dzino lisanamufike, mawilo anga n'kukhala m'malere, iye n'kundinyamula kukandikhoma kukhoma. Chimbale cha magalamu 247 chomwe ndinachiteteza pa sikelo chinkangomenya mphepo. Ndinamukhudza kamodzi kokha, pamsana. Chakumapeto mota ya chida inayamba kulira mokhotakhota n'kuima. Mphindi zitatu zinatha tonse tikuyenda, oweruza onse anapatsa iye, ndipo sindikanatsutsa.

22 Juni: kumasula

Ndamasula zonse n'kuyala pa tebulo. M'mota ya chida maginito awiri anamatuka n'kutsamirana, ndicho chinkalira chija. Mamota amenewa anapangidwira ndege zamasewera, osati kumenyedwa, ndipo ozolowera amathira guluu wolimba wa epoxy pakati pa maginito asanaigwiritse ntchito. Ndinali nditamva, ndinaona ngati n'zokokomeza. Mota ina, magawo 6, ndipo yathiridwa kale epoxy, ikuuma. Shafuti ya mota ya wilo lakumanzere yapindika pang'ono chifukwa wilo linali panja popanda chotchinga. Mbali za HDPE zili ndi mabala akuya awiri koma zigwirabe ntchito. Chimbale chilibe kanthu, dzino langobunthako pang'ono.

Thumba laima pa magawo 132, osawerengera mota ya wilo yomwe ndisanaitanitse. Mwa amenewo, 22 ndi a zinthu zomwe ndinaswa, kuwotcha kapena kuboola ndekha.

Pa pepala la Nankafumbwe wachiwiri ndalemba timafoloko tiwiri ta kutsogolo tolendewera pa hinji kuti tizitsata pansi, magalamu pafupifupi 40, zotchinga mawilo za HDPE yopyapyala 30, ndi mawaya otalika 12. Magalamu 82 amenewo ayenera kuchoka penapake, ndipo kwina konse ndinasenga kale. Usiku wathawu ndatsegula chojambula cha chimbale n'kuyamba kukulitsa mabowo. Chikutsika kufika pa 170. Ndisanatumize kwa odula, ndidula kaye katoni.